Mapazi Oyera Pakati pa Dzinja

Makolo athu sanali anthu odana ndi mvula. Mitambo ikachedwa ankasonkhana pansi pa msolo ndi ufa wa nsembe, ankaimba, ankachonderera mpaka kumwamba kutada. Koma ndi iwo omwewo amene anatisiyira mawu akuti walira mvula walira matope. Mwambiwu suletsa munthu kupempha. Umangomukumbutsa kuti chimene akuliriracho chikadzabwera chidzabwera chathunthu: chimanga chidzamera ndithu, koma njira ya kumunda idzaterera ndipo chitenje chidzathimbirira m'munsi. Timauponyera munthu amene wayamba kung'ung'udza ndi chinthu chimene anachifuna yekha, monga uja analimbirana ufumu ndi abale ake, lero akudandaula kuti a milandu akumugogodera tambala asanalire.

Pali funso limene mwambiwu sunafikeko, mwina chifukwa m'mudzi zotere sizikhalitsa. Nanga munthu atapeza njira yoti iye azidya za mvula koma matope aziponda wina? Ndiye mnzakeyo akabwerako kumunda atasenza dengu la onse, iye azimuloza mapazi pagulu kuti taonani uve wa munthuyu? Kumudzi wotereyu sangathe nyengo ziwiri asanatulukiridwe. Mu ndale za ku Washington amakwera, amatchuka, amasonkhetsa ndalama za kampeni, ndipo pofika pano anthu a mtundu wake athamangitsa pampando atsogoleri awiri a chipani chawo chomwe, cha Republican.

Chipanichi n'cha anthu amene amati boma lisakule kwambiri, misonkho ikhale yotsika, ndipo miyambo isamasinthidwe mwaphuma. Koma dziko limene amafuna kulilamulira linamangidwa mwadala kuti pasapezeke wolamula yekha. Malamulo aakulu amene analembedwa ku Philadelphia mu 1787 amati bilu idutse m'Nyumba ya Aphungu, imene lero ili ndi mipando 435, idutsenso mu Senate ya mipando 100, kenako pulezidenti asaine. Mu Senate, mwa mwambo wa nyumbayo, mabilu ambiri amafuna mavoti 60 kuti mtsutso utsekedwe, ndipo n'kamodzikamodzi kuti chipani chimodzi chikhale ndi anthu ochuluka chotero. Amene wapempha ulamuliro ku America wapempheratu kukhala pa tebulo limodzi ndi mdani wake. Matopewo sabwera mwangozi, anaikidwamo ndi omanga nyumba.

Pulezidenti Ronald Reagan, amene a Republican amamutchula ndi ulemu mpaka lero, ankazidziwa zimenezi. Mu 1983 thumba la penshoni ya okalamba litatsala pang'ono kuuma, anagwirizana ndi Tip O'Neill, sipika wa chipani cha Democrat amene ankanyozana naye m'manyuzipepala, kuti ndalama zodulidwa pamalipiro zikwere ndipo zaka zopumira pantchito zisunthe pang'onopang'ono kuchoka pa 65 kufika pa 67. Aliyense anameza chowawa chake, thumbalo linapulumuka. Amene anabwera pambuyo pake, George Bush wamkulu, sanachite mwayi wotero. Pa kampeni ya 1988 analumbira kuti sadzakweza msonkho, koma mu 1990 anasaina mgwirizano wa bajeti umene unakweza. Newt Gingrich, phungu wa ku Georgia, anatsogolera anzake kumuukira m'chipani momwemo. Bush atagwa pa chisankho cha 1992 zifukwa zinalipo zambiri, chuma chinali chitafooka ndipo Ross Perot, woima payekha, anagawa mavoti, koma achinyamata a m'chipanimo anatolapo phunziro limodzi lokha: wololerana ndi a tsidya lina amafa.

Phunzirolo linakhwima mu 2010, pamene gulu la Tea Party linathandiza chipanichi kuwonjezera mipando 63 m'Nyumba ya Aphungu. Ambiri mwa atsopanowo anauza anthu a kwawo kuti sakupita ku Washington kukagwirana chanza ndi Pulezidenti Barack Obama. Sipika wawo anali John Boehner wa ku Ohio, mmodzi mwa ana 12 a bambo wina mwini bala, munthu wa ndudu ndi vinyo amene anakulira mu ndale zakale zoti mukatukwanizana masana, madzulo muzikambirana mtengo. Anamupatsa gulu limene linkaona kukambiranako ngati tchimo.

Mu 2013 anamukankhira kuphompho. Chaka cha boma cha zachuma ku America chimayamba pa 1 Okutobala, ndipo aphungu akapanda kuvomereza ndalama pofika tsikulo maofesi ambiri amatsekedwa. Ted Cruz wa ku Texas ndi anzake anati savomereza bajeti iliyonse pokhapokha lamulo la Obama la inshuwalansi ya zaumoyo litalandidwa ndalama. Cruz analankhula mu Senate kwa maola 21 osakhala pansi. Panalibe amene ankayembekezera kuti Obama angasaine chikalata chophera lamulo limene anthu ankalitchula ndi dzina lake lomwe, koma boma linatsekedwabe masiku 16, ndipo ogwira ntchito pafupifupi 800,000 anauzidwa kuti akhale kunyumba. Mapeto ake lamulolo linatsala chilili. Chimene chimandikopa maso ndi mavoti a usiku wotsegulira boma: 285 anavomera, 144 anakana. Okana onsewo anali a Republican, ndipo a Republican amene anavomera anali 87 okha. Ambiri mwa okanawo sankafuna kuti boma likhalebe lotseka. Ankadziwa kuti mavoti a Democrat pamodzi ndi a anzawo 87 akwana, choncho anatha kukana ndi mtima wa phee. Ku Washington khalidweli ndi lodziwika mpaka lili ndi kanthabwala kake, koti phungu amavota kuti ayi uku akupemphera kuti biluyo idutse. Malipiro a asilikali a m'dera lake atuluka, misewu ikonzedwa, iye n'kubwerera kwawo mapazi ali mbee.

N'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake angamachite chonchi? Yankho lili m'mapulaimale. Mwa mipando 435 ija, imene zipani ziwirizi zimalimbiranadi ndi makumi ochepa chabe. Madera otsalawo malire ake anadulidwa mwanjira yoti, kapena anthu ake anakhala mwa mtundu woti, wopambana amadziwika chisankho chisanachitike. Phungu wa dera lotere saopa wa Democrat. Amaopa wa chipani chake amene adzaime pa chisankho chachipulula n'kumunena kuti ndi Republican wa dzina lokha, ndipo pa mapulaimale amabwera anthu ochepa, makamaka aja okwiya kwambiri. Mu Juni 2014 Eric Cantor, wachiwiri kwa Boehner, anagwetsedwa ku Virginia ndi Dave Brat, mphunzitsi wa zachuma wa pakoleji amene analibe ndalama zoti n'kuyerekeza ndi zake. Mlandu wina waukulu umene ankamunenera unali woti ndi wofewa pa nkhani ya anthu olowa m'dzikomo popanda zikalata. Bilu ya nkhani imeneyi inali itadutsa kale mu Senate ndi mavoti 68 kwa 32, koma kugwa kwa Cantor kunatsekeratu khomo: Nyumba ya Aphungu sinaivotere n'komwe.

Mu Januwale 2015 olimba mitu aja anapanga gulu lawolawo, Freedom Caucus, Jim Jordan wa ku Ohio ali wapampando. Mu Julayi Mark Meadows anapereka chikalata chofuna kuchotsa sipika. Pa 24 Seputembala Papa Francis analankhula kwa aphungu, chinthu chimene Boehner, Mkatolika, anachilakalaka kwa zaka zambiri, ndipo anaoneka akulira kumbuyo kwa Papayo. Kutacha analengeza kuti akutula pansi udindo.

Nkhani ya Kevin McCarthy wa ku California ndi imene imautembenuza mwambi uja kuti uloze mbali zonse ziwiri, pakuti iyenso analira mvula, ndipo analira mokweza kuposa onse. Mpando wa sipika unamupulumuka mu 2015 pamene gulu lomweli linamukayikira. Kuyambira pamenepo anatha zaka akuwanyengerera, akuwasonkhera ndalama, akupewa kuwadzudzula ngakhale pamene ankayenera. Chisankho cha 2022 chinapatsa chipani chake mipando 222, a Democrat 213. Ndi kusiyana kochepa chotere, anthu asanu okha akanatha kuimitsa chilichonse. Mu Januwale 2023 Nyumba inavota maulendo 15 asanapeze sipika, zimene zinali zisanapitirire ulendo umodzi kuyambira 1923. Usiku uliwonse McCarthy ankagulitsako kanthu: mipando m'komiti yamphamvu imene imasankha mabilu opita ku voti, malonjezo a kudula bajeti. Pomaliza anapereka chimene sankayenera kupereka, lamulo loti phungu mmodzi yekha akhoza kuitanitsa voti yomuchotsa. Anaulandira mpandowo m'bandakucha wa pa 7 Januwale, akumwetulira.

Kenaka ntchito inafika. Boma la America lili ndi malire a ngongole amene aphungu amaika, ndipo kukweza malirewo sikutanthauza kuvomereza zinthu zatsopano, koma kulola boma kulipira zimene aphungu omwewo anavomereza kale. Likalephera kulipira, misika ya dziko lonse imagwedezeka, chifukwa mabanki aakulu a mayiko ambiri amasunga chuma chawo m'zikalata za ngongole ya America. McCarthy anakambirana ndi Pulezidenti Joe Biden, anapeza zina mwa zimene chipani chake chinkafuna, monga kuchepetsa kakwezedwe ka bajeti kwa zaka ziwiri, ndipo pa 31 Meyi biluyo inadutsa ndi mavoti 314 kwa 117. A Democrat ovomera anali 165, a Republican 149. Kwa adani ake m'chipanimo manambalawo ndiwo anali umboni wa mlandu. Pa 30 Seputembala, kutatsala maola kuti boma litsekedwenso, anadutsitsa bajeti ya masabata ochepa, modaliranso a Democrat. Patangopita masiku atatu Matt Gaetz wa ku Florida anagwiritsa ntchito chida chimene McCarthy anamupatsa yekha. Mavoti anali 216 kwa 210. Aka kanali koyamba m'mbiri ya dzikolo kuti sipika achotsedwe ndi voti.

A Republican amene anamugwetsa anali asanu ndi atatu okha. Mavoti ena onse 208 anali a Democrat, anthu omwe aja anamuthandiza masiku atatu m'mbuyomo. Ena anawadzudzula kuti akanamupulumutsa, ndipo mwina akanatero dziko likanapindula. Koma dandaulo lawo ife timalidziwa, lili m'mwambi wina: andiitana pakalowa njoka, pakalowa mbewa akumba okha. McCarthy ankawafuna pa tsiku la ngozi, koma masabata atatu m'mbuyomo anali atatsegula kafukufuku wofuna kuimba Biden mlandu pofuna kusangalatsa olimba mitu omwewo. Munthu amene wayesa kugula mtendere kwa aliyense ndi ndalama imodzi, tsiku lomaliza amapezeka alibe womuimira.

Kwa masabata atatu Nyumba inakhala yopanda mutu, yosatha kudutsitsa bilu iliyonse, nkhondo ya ku Gaza itangoyamba kumene. Steve Scalise anasankhidwa ndi chipani n'kubwerera yekha. Jim Jordan anagwa katatu. Tom Emmer anakhala wosankhidwa kwa maola ochepa chabe. Pa 25 Okutobala anagwirizana pa Mike Johnson wa ku Louisiana, munthu wopemphera, wodziwika pang'ono, amene mbiri yake ya mavoti inali yoyera mmene olimba mitu ankafunira. Pasanathe mwezi Johnson anadutsitsa bajeti ina yongoyembekezera, ndi mavoti a Democrat. Mu Epulo 2024 anabweretsa thandizo la Ukraine la madola pafupifupi mabiliyoni 61, limene a Republican 112 anakana ndipo 101 anavomera. Munthu sanasinthe ayi. Mpando ndi umene uli pamatope, ndipo aliyense wokhalapo amadetsedwa mofanana. Marjorie Taylor Greene atayesa kumuchotsa mu Meyi, a Democrat ulendo uno anamutchinjiriza.

Komabe sindingakhale wachilungamo nditawajambula olimba mituwa ngati zitsiru. Mu Seputembala 2023 ngongole ya boma lawo inadutsa madola matililiyoni 33, ndipo inakula pansi pa mapulezidenti a zipani zonse ziwiri, kudzera m'migwirizano yomweyi imene timaiyamikira. Mabilu a bajeti a masamba oposa chikwi amafika kwa aphungu kutatsala masiku ochepa, atakambidwa ndi atsogoleri anayi kuseri. Phungu amene akuti sindingavomereze chinthu chimene sindinawerenge sakulakwa. Ndipo ife anthu akuda tili ndi chifukwa chapadera chosaombera m'manja kulolerana kulikonse kwa ku America. Malamulo a 1787 omwe aja anatheka chifukwa a kumpoto ndi a kummwera analolerana kuti pogawa mipando ya aphungu, akapolo asanu aziwerengedwa ngati anthu atatu. Mu 1877, pothetsa mkangano wa chisankho, a Republican anatenga upulezidenti wa Rutherford Hayes, a Democrat a kummwera n'kulandira kuchotsedwa kwa asilikali a boma amene ankateteza maboma a Republican otsala m'zigawo zawo. Anthu akuda kumeneko anasiyidwa m'manja mwa tsankho mpaka lamulo la mavoti la 1965. Onse okhala pa tebulo anatuluka okhutira. Amene analipira sanaitanidwe.

Apa m'pamene ndimayesera mgwirizano uliwonse: kodi amene wasainayo matopewo awaponda yekha, kapena wawaponyera kwa munthu amene palibe? Muyeso umenewu umatsutsa 1877. Koma ukautembenuza umatsutsanso kukana kwa masiku ano. Boma likatsekedwa malipiro a phungu saima. Amene amagwira ntchito osalipidwa ndi oyang'anira ndege m'mlengalenga ndi ofufuza katundu pabwalo la ndege, ndipo osesa m'maofesi olembedwa ndi makontalakitala nthawi zambiri ndalama za masiku amenewo sazionanso. Kutseka kwa 2018 mpaka 2019 kunatha masiku 35. Kwa 2025 kunatha masiku 43, ndipo ulendo umenewo okaniza mavoti mu Senate anali a Democrat, umboni woti luso la kukana limaphunzirika msanga tsidya lililonse.

Matope amenewa amafika patali, mpaka pamizere ya m'zipatala za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ndondomeko ya PEPFAR, imene yagulira anthu mamiliyoni mankhwala otalikitsa moyo, inayambitsidwa mu 2003 ndi George Bush wamng'ono, wa Republican, ndipo zipani zonse ziwiri zinaiwonjezera zaka zisanuzisanu mu 2008, 2013 ndi 2018 popanda phokoso lalikulu. Mu 2023 inakodwa m'mkangano wa ku America wa kuchotsa pakati, a Republican ena akuti ndalamazo zikuthandiza mabungwe olimbikitsa mchitidwewo, boma likukana. Mabungwe ena ogwirizana ndi chipanicho analengeza kuti adzawerengera phungu aliyense voti imeneyi ngati yomuyesa. Zotsatira zake, mu Malichi 2024 inawonjezeredwa chaka chimodzi chokha. Mankhwala sanaleke kubwera nthawi imeneyo, koma chinthu chimene chinali chitakhala kunja kwa mikangano ya zipani kwa zaka 20 chinali chitalowamo, ndipo mayi wa ku Mchinji amene moyo wake uli m'kabotolo kaja savota ku America.

Munthu amene ndimamuganizira kwambiri m'nkhani yonseyi si sipika aliyense, koma James Lankford wa ku Oklahoma, mlaliki wa mpingo wa Baptist amene palibe anamukayikirapo kuti ndi wofewa. Chakumapeto kwa 2023 chipani chake chinati sichivomereza ndalama za Ukraine pokhapokha malamulo a m'malire ndi Mexico atakhwimitsidwa, ndipo chinamutuma iyeyo kukakambirana. Anakhala miyezi inayi ndi Chris Murphy wa Democrat ndi Kyrsten Sinema woima payekha. Anabwerako ndi bilu yokhwimitsa kapemphedwe ka malo othawirako, yopatsa boma mphamvu zobweza anthu pamalire chiwerengero chikapyola muyeso, yokhwima moti a Democrat ena anaikana, ndipo bungwe la ogwira ntchito yolondera m'malire linaivomereza. Donald Trump, amene kampeni yake inatsamira pa vuto la m'malirelo, anaikana poyera. Pa 7 Febuluwale 2024 inagwa mu Senate, a Republican anayi okha ataivotera, Lankford mwini ali mmodzi wa iwo. Iye anauza nyumbayo kuti wolankhula wina wotchuka anamuchenjezeratu, asanaone n'komwe zolembedwazo, kuti akayesa kuthetsa vutoli m'chaka cha chisankho adzachita chilichonse kuti amuwononge. Ena ankaikana biluyo pa zifukwa zenizeni, ankati muyeso uja ndi wokwera kwambiri. Koma ambiri mwa amene anamutuma anamusiya yekha pabwalo. Kwa iwo vuto losathetsedwa linali ndi phindu loposa theka la yankho, chifukwa vuto umapita nalo ku msonkhano wa kampeni, pamene theka la yankho umayenera kulifotokozera anthu okwiya.

McCarthy anachoka m'Nyumba kumapeto kwa 2023. Gaetz anachoka mu Novembala 2024 atasankhidwa kukhala nduna ya zamalamulo, udindo umene sanaufike. Bob Good wa ku Virginia, mmodzi wa asanu ndi atatu aja, amenenso anadzakhala wapampando wa Freedom Caucus, anagwa pa mapulaimale a 2024, mlandu wake waukulu uli woti poyamba anasapota Ron DeSantis m'malo mwa Trump pa mpikisano wa upulezidenti. Pa 3 Januwale 2025 Johnson anasankhidwanso ndi mavoti 218, awiri mwa iwo atasintha maganizo voti isanatsekedwe. Tsiku lomwelo chipanicho chinakonzanso lamulo lija McCarthy anagulitsa. Mapulaimale sichinawakhudze, malire a madera sichinawakhudze, chinangosintha nambala: kuti voti yochotsa sipika iitanidwe, tsopano pamafunika aphungu a chipani cholamula asanu ndi anayi, kuposa amene anagwetsa McCarthy ndi munthu mmodzi.